Mano Makumi Atatu ndi Awiri a Manong Wency

Mchimwene wanga wamkulu, a Manong Wency (kwathu kuno mchimwene wamkulu timati Manong), anafika zaka 61 ali ndi mano onse makumi atatu ndi awiri, ndipo m'tauni yonse ya Pototan munalibe munthu amene analoledwa kuiwala zimenezi. Anthu ena amanyadira munda wa mpunga, ena mwana wogwira ntchito pa sitima zapanyanja. Iwo ankanyadira m'kamwa. Ukawapatsa moni ankayamba akuonetsa kaye mano, kuyankha pambuyo.

Anaphunzitsa giredi 3 kwa zaka 33 pa sukulu ya pulayimale ya m'dera lathu. Masamu ankaphunzitsa, kuwerenga ankaphunzitsa, koma phunziro lenileni linkachitikira pa mpopi. Ana akangomeza chakudya chamasana ankawandandalika pamzere, aliyense mswachi m'manja, iwo ali kutsogolo ndi wezulo. Lamulo linali limodzi: ukangodya tsuka, ukangomwa tsuka. Sanakwatire. Anayesapo kawiri, koma akazi onse awiri anapezeka ndi mano obowoka.

Ine ndine Petring, mlongo wawo wamng'ono, chochititsa manyazi cha banja lathu. Mano anga anayi akutsogolo ndi oikirira kuyambira ndili ndi zaka 19. Ngati zimenezo sizinakwane, ndimagulitsanso halo-halo pakhomo: ayezi wopala, mkaka, nyemba zotsekemera ndi nthochi zophika mu shuga, zonse m'tambula imodzi. Mwamuna wanga atamwalira ndinabwerera m'nyumba ya makolo athu, mmene a Manong ankakhala okha. Kuyambira pamenepo m'nyumba imodzi munkagona mlaliki ndi tchimo lomwe ankalalikira.

A Manong anapuma pantchito mu Malichi, chilimwe cha kwathu kuno chikungoyamba. Ana asukulu anapumula. Mavuto anasamukira kwa ife.

Chaka chimenecho kunatentha kwabasi. Pofika 9 koloko m'mawa malata amakhala akulira kale, agalu atabisala pansi pa magalimoto malilime ali panja, minda itang'ambika. Wailesi tsiku lililonse inkati imwani zambiri, musayende padzuwa. Kwa ine inali nyengo yabwino, chifukwa anthu ankaima pamzere pa tebulo langa. Ndiye a Manong anatulutsa mpando wawo wansungwi, n'kuukhazika pansi pa mtengo wa kalamansi, pafupi penipeni ndi tebulo langalo, n'kutsegula sukulu yatsopano yosafuna kulembetsa.

"Mayi, mwana ameneyo mumamukonda?" ankatero kwa wogula.

"Ndimamukonda, Aphunzitsi."

"Nanga mukumuguliranji chimenecho? Tamuonani wogulitsayo. Petring, tasekerera aone."

"Ndili pantchito, Manong."

"Mwaona? Sangasekerere. Akuopa kuti mano agwera mu mkaka."

Iwo shuga sankamuyandikira n'komwe. M'mawa uliwonse ankathyola timandimu ta kalamansi todzaza chipewa, n'kufinyira m'jagi yaikulu. Madzi ankathira pang'ono, ayezi ankatapa wanga. Pa katundu yense wa wochimwa, ayezi yekha ndiye anali wololedwa. Chinthucho chinali chowawasa moti ngakhale ntchentche zinkachilambalala. Ankamwa pang'onopang'ono tsiku lonse, kusunga kaye m'kamwa, kuyendetsa tsaya ili ndi tsaya ilo, kenako kumeza. Ayezi wotsala pansi pa tambula ankamukukuta mokweza kuti ogula anga amve mmene mano enieni amalirira. Tambula ikatha, ulendo wa ku mpopi wa kuseri, ndi mswachi wouma ngati wokwechera matayala. Tsiku lina ndinawawerengera maulendo naini. Masana ankadya mango aawisi oviika mu viniga, kenako ku mpopi.

"Uku ndiye kusamala mano m'chilimwe," ankauza aliyense. "Zachilengedwe zokhazokha, shuga ayi, ndipo kutsuka pompopompo."

Chakumapeto kwa Epulo ndinayamba kuona zachilendo. Kukukuta kuja kunaleka. Patapita masiku, jagi inayamba kutuluka yopanda ayezi.

"Lero ayezi wanga walakwa chiyani?" ndinafunsa.

"Amawononga mawu."

"Mawu ake ati, Manong? Mwalowa kwaya?"

Kenako anatembenuza mpando kuti azifulatira fani. Pomwa ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi, kuti madziwo adutse mbali imodzi. Moni anayamba kuyankha milomo ili yotseka, ndipo anthu ena ankaganiza kuti mwina tili ndi maliro. Munthu amene wakhala ndi mano oikirira moyo wake wonse sangaisokoneze nkhope ya munthu yemwe mano akumuyayamira.

Mungaganize kuti anasiya kalamansi uja. Ayi ndithu. A Manong anaunika nkhaniyo mwauphunzitsi n'kupeza kuti vuto n'loti sakutsuka mokwanira. Anagula mswachi wouma kuposa woyamba, n'kuyamba kuwaza soda pamwamba pa mankhwala otsukira mano.

"Manong, pitani kwa Analyn," ndinawauza tsiku lina. Analyn ndi dokotala wa mano wa pafupi ndi msika, ndipo anadutsa m'kalasi mwawo.

"Ndikatani?"

"Mukangomuona. Anali mwana wanu wasukulu."

"Kumeneko kumapita anthu ngati iwe. Ine nditapita, akhoza kungondijambula n'kupachika pakhoma."

Mu Meyi a Kapitana Ludy, mayi amene amatsogolera dera lathu, anaitanitsa msonkhano wa amayi ku holo pa nkhani ya kutenthaku: madzi akumwa, makanda, okalamba. Anapempha a Manong kuti adzalankhule za mano. Munthu wanzeru akanadwala tsiku limenelo. Koma mchimwene wanga chibadwire sanakanepo maikolofoni.

Aliyense amene anaphunzitsidwa ndi a Manong ankadziwa mmene phunziro la mano limathera. Ankatenga nzimbe, kuisenda ndi mano akutsogolo kuchokera mfundo kufika mfundo, n'kuwerama kuti anthu aombe m'manja. M'mawa wa tsikulo anandipatsa nzimbe, koma osandiyang'ana.

"Nyamula. Mwina siifunika, koma nyamula."

Ndinanyamula. Ndinaiika m'bokosi langa la ayezi, pansi penipeni, kuti isafote ndi dzuwa. Ndi zimene ndinakauza wansembe pambuyo pake, ndipo nayenso sanandikhulupirire.

Msonkhano unayamba 2 koloko, dzuwa likuswa mtengo. M'holomo munali fani imodzi, ndipo inkangotembenuza mutu uku ndi uku ngati nayonso ikufuna potulukira. Amayi ankadzikupiza ndi makatoni. A Manong analankhula mphindi makumi anayi. Anadzudzula shuga, anadzudzula zakumwa za m'mabotolo, anandiloza ine kawiri. Anayamikira kalamansi, nalangiza amayi kuti mwana akangomwa amuthamangitsire ku mpopi. Atamaliza anapinda pepala lawo n'kuyamba kutsika.

"Nanga nzimbe, Aphunzitsi?" anafunsa mayi wina amene anali mwana wawo wasukulu kalekale.

"Nthawi yatha."

"Nthawi ilipo yambiri," anatero a Kapitana. "Woyankhula wotsatira sanafike."

Amayi anayamba kuomba m'manja. Ine, monga mlongo womvera, ndinatsegula bokosi n'kupereka nzimbe. Atangoigwira anandiyang'ana. Nzimbeyo inali ikuchita kutuluka nthunzi. Akanatha kuibweza. Akanatha kunena kuti yazizira kwambiri, anthu akanaseka n'kuiwala. Koma patsogolo pawo panali amayi makumi asanu ndi limodzi, theka la iwo ana awo asukulu. Anatsegula pakamwa n'kuluma.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati chikhadabo chikamathyoka. A Manong anangoti chilili, nzimbe ili kukamwa, maso atatseka. Misozi inatsika yokha. Kenako analavulira m'dzanja kachidutswa koyera, kochepa ngati njere ya mpunga. Mayi wina wokhala kumbuyo anapitiriza kuomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya phunziro.

Ndinali nditasunga kuseka kumeneku zaka zambirimbiri. Nthawi yake itakwana, sikunabwere. Ndinangoona nkhalamba itaima kutsogolo kwa anthu, malaya atanyowa ndi thukuta, ikuyang'ana m'dzanja mwake. Ndinakwera, n'kuwalanda nzimbe, n'kuuza a Kapitana kuti a Manong dzuwa lawapweteka. Tinatulukira khomo lakumbali.

M'mawa mwake anavala malaya aatali manja ngati akupita kukhoti, ndipo sanakane pamene ndinati tiyeni. Chipinda cha Dokotala Analyn chili pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Atationa anaimirira, n'kutenga dzanja la a Manong kulikhudzitsa pamphumi pake, monga timalonjerera akuluakulu kwathu kuno.

"Aphunzitsi. Sindinkayembekezera kuti ndidzakuonani kuno."

"Ngakhale ine. Ndangodutsa."

Anawagoneka pampando, n'kuyatsa nyali, n'kusuzumira nthawi yaitali.

"Palibe dzino lobowoka ngakhale limodzi," anatero.

A Manong anatembenuza maso n'kundiyang'ana mmene anagoneramo, kukamwa kuli yasa. Maso okhawo ankati wamva?

"Koma chigoba chatha," anapitiriza Analyn.

"Chigoba chanji?" anafunsa a Manong, Analyn atachotsa kagalasi m'kamwa.

"Mukuchidziwa, Aphunzitsi, munatijambulira pa bolodi. Chokuta choyera cha pamwamba pa dzino, cholimba kuposa fupa. Chanu chapyapyala ngati pepala. Tengani galasi ili. M'mphepete umu kuwala kukudutsa. Chikasu mukuona apachi si litsiro, ndi mkati mwa dzino mukuonekera. N'chifukwa chake chozizira chikakhudza mukumva mpaka m'mutu. Mumamwa chiyani kukatentha?"

"Madzi."

"Kalamansi, jagi yathunthu, wopanda shuga," ndinathandiza. "Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mango a mu viniga. Ayezi ankakukuta. Kutsuka kanaini patsiku, ndi soda."

"Sanakufunse iwe," anatero a Manong.

Analyn anakhala pa kampando kake n'kuvula magolovesi. Ndinamumvera chisoni. Ankaoneka ngati mwana wotumidwa kukauza bambo ake kuti nyumba anaimanga pamalo olakwika.

"Aphunzitsi, chowawasa chilichonse chimafewetsa chigoba kwa kanthawi. Chimene chimachilimbitsanso ndi malovu, koma malovu amafuna nthawi. Ndiye kukatentha chonchi m'kamwa mumauma, malovu amachepa. Inu mukumwa pang'onopang'ono tsiku lonse, chigoba sichikupeza mpata. Chili chofewa choncho, mukubwera ndi mswachi wouma."

"Kudzatsuka."

"Kudzapala, Aphunzitsi."

A Manong anadzuka n'kukhala tsonga, kansalu kali lende pakhosi.

"Iwe, anakuphunzitsa kugwira mswachi ndani?"

"Inuyo. Ndinkaima wachitatu pamzere. Ntchito imeneyi ndinaisankha chifukwa cha inu."

"Ndiye lero ukundiuza kuti ndinkanama."

"Ayi. Za kutsuka m'mawa ndi pogona munalondola. Za shuga munalondola. Polakwika ndi pamodzi. Munthu akadya kapena kumwa chowawasa asathamangire mswachi. Achukuche ndi madzi wamba, adikire theka la ola, ngakhale ola lathunthu."

A Manong anayang'ananso m'galasi muja, akukweza mlomo ndi chala.

"Chimeranso pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Sichimeranso."

Ine ndinayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati muli nkhani yofunika.

"Koma chotsalacho tingathe kuchisunga," anatero Analyn. Anawauza kuti ludzu azithetsa ndi madzi wamba. Kalamansi akafuna, amwe tambula imodzi pa chakudya, yothira madzi ambiri, kudzera m'kapaipi, amalize nthawi yomweyo osati kuyenda nayo tsiku lonse. Soda aisiye kukhitchini. Ayezi asamutafune. Anawapatsa mankhwala otsukira mano oyayamira, ndi mswachi wofewa umene a Manong anaugwira ndi zala ziwiri ngati awapatsa khoswe wakufa.

"Uwu ndi wa makanda."

"Ndi wanu."

Popeza zinthu zinkaoneka kuti zikundiyendera, ndinafunsa: "Nanga halo-halo, Dokotala?"

"Shuga ndi shuga, Manang Petring," anatero, akunditchula mwaulemu ngati mchemwali wamkulu. "Musasangalale."

Dzino lobenthuka lija analimata ndi zoyera. Linaoneka bwino moti sungadziwe, koma mwini wake ankadziwa. Njira yonse yotsika masitepe lilime linali pomwepo.

Panja dzuwa linali litakwera kale. Tinaima pamthunzi wa khonde la sitolo ya mpunga kudikira kuti a Manong dzanzi la jakisoni liwathe.

"Nzimbe ija unaiika mu ayezi dala," anatero, akuyang'ana msewu.

"Kuti isafote."

"Petring."

"Ee, dala."

Anagwedeza mutu. Ndinkadikira ulaliki, ndipo ulendo uno ndikanaulandira. Koma m'malo mwake anafunsa za mano anga.

"Ako aja, tsiku limene ankawazula, anakuperekeza ndani?"

"Palibe. Inu munali ku koleji ku Iloilo. Amayi anali kumunda."

"Zinawawa?"

"Anazula anayi tsiku limodzi, Manong. Masiku amenewo mano a mwana wa mlimi sankamata, ankangozula. Ndinabwerera wapansi, nsalu ili kukamwa."

"Sunandiuzepo."

"Simunafunsepo. Munkangoti ndisekerere anthu aone."

Anatulutsa mpango n'kupukuta khosi, kenako chipumi, kenako khosi lomwelo.

"Oikirirawo amakukhala bwino," anatero.

Amene sawadziwa a Manong angaone ngati ndi mawu ochepa. Kwa iwo kumeneko kunali kugwada pansi ndi maondo onse awiri.

Masiku atatu otsatira pakhomo panali mtendere umene sindinauonepo. Mpando wansungwi unalowa m'nyumba. Ogula anga ankadya momasuka, ena mpaka kuitanitsa kachiwiri. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mchimwene wanga waphunzira kudzichepetsa, ndipo ndinayatsa kandulo kutchalitchi. Ndinafulumira.

Tsiku lachinayi ndinawapeza pakhonde atazunguliridwa ndi mabuku akale omangidwa ndi zingwe. Anali makaundula a mayina a ana onse amene anawaphunzitsa, chaka ndi chaka.

"Mukufuna kuwotcha?" ndinafunsa.

"Ana onsewa ndinawauza kuti akangomwa atsuke. Pano akuuza ana awo. Ndiyenera kukakonza."

"Lembani kalata, a Kapitana akawerenge ku holo."

"Cholakwa ndinawauza pamaso. Chokonza ndikawauzanso pamaso."

"Manong, ndi anthu oposa chikwi. Kunjaku kukutentha moti phula likusungunuka."

"Nditenga ambulera."

Anatengadi ambulera, botolo la madzi wamba, ndi thumba lodzaza timapaipi togawa. Ine ndinatseka tebulo langa n'kuwatsatira tsiku loyambalo, poopa kuti akagwa pamsewu anthu adzati nzimbe sinandikwanire. Motero anthu a ku Pototan, amene ankaganiza kuti giredi 3 anaimaliza, anayamba kumva kugogoda.

Woyamba anali mayi wosoka zovala. Anamvetsera ataimirira, manja kumbuyo, n'kulandira kapaipi ndi manja awiri. Wachiwiri anali wapolisi, amene atangowaona pageti anabisa botolo la zakumwa kumbuyo kwa mpando. Kulikonse a Manong ankayamba ndi mawu omwewo, akuti ndinalakwitsa. Mawuwo poyamba ankatuluka movutikira ngati akumeza fupa la nsomba. Pofika nyumba yachisanu anali atawazolowera, ndipo ndinaona kuti ayamba kuwakonda. Munthu wina aliyense akalakwa amapepesa n'kukhala pansi. Mchimwene wanga anapeza njira yoti kulakwa kwake kukhale phunziro la mphindi makumi awiri, lokhala ndi mafunso kumapeto.

Chakumasana tinafika pamalo oimikapo njinga zamoto zonyamula anthu, pansi pa mtengo wa mthethe. Pamenepo tinapeza Dodoy, bambo wa zaka makumi anayi, atagona panjinga yake thaulo lili kumaso. A Manong anatsegula kaundula.

"Diosdado Parreño."

Dodoy anadzambatuka n'kuima njo, asanadziwe n'komwe kuti wamuitana ndani.

"Ndilipo, Aphunzitsi."

"Ndinakuphunzitsa kuti ukangodya kapena kumwa uzitsuka mano nthawi yomweyo. Ndinalakwitsa. Ukamwa chowawasa uzichukucha ndi madzi, kenako uzidikira kaye usanatsuke."

"Musadandaule, Aphunzitsi. Ine ndinadikira."

"Wachita bwino. Umadikira nthawi yaitali bwanji?"

"Chichokereni m'kalasi mwanu."

Atatero anamwetulira mwaulemu. M'kamwamo munali mano asanu, otalikirana ngati anthu odana.

A Manong anamuyang'ana, anayang'ana kaundula, n'kutseka bukulo pang'onopang'ono. Anzake a Dodoy anali atayamba kale kuzemba mmodzimmodzi, chifukwa ambiri mwa iwo mayina awo anali m'mabuku omwewo. Kapaipi kamene a Manong anatulutsa anakabwezera m'thumba. Kenako anapinda ambulera n'kukwera panjinga ya Dodoy.

"Kwera, Petring. Iwe, liza njingayi."

"Tikupita kuti, Aphunzitsi?"

"Kwa Analyn. Asanu amenewo sitiwataya."

"Koma ndili pamzere wonyamula anthu."

"Wanyamula kale."

Dodoy anandiyang'ana kuti ndimupulumutse. Ndinamuuza kuti ine ndakhala nawo nyumba imodzi zaka khumi ndi ziwiri, iye apirire masana amodzi. Analiza njinga. Kwa Analyn a Manong anakhala pambali pake mpaka kumapeto, ndipo pamene jakisoni ankalowa, bambo wamkulu ameneyo anagwira dzanja la mphunzitsi wake osalisiya.

Mvula inayamba mu Juni a Manong ali pa kaundula wachinayi. Mano awo akadali kuyayamira akakumana ndi chozizira, koma pang'ono, ndipo palibe lina labenthuka. Amatuluka m'mawa uliwonse kupatula Lamlungu. Amene sanafikiridwe akudziwa chaka chawo, ndipo amawerengera okha kuti kwatsala miyezi ingati. Awiri ndamva kuti akufunafuna ntchito ku Manila.